Wometa Amene Anameta Galimoto Mpala

Nkhani iyi anandiuza ndi wojambula zithunzi wina amene ndinakhala naye pa benchi ya pachipatala, tonse tikudikira kuti atizule mano. Ine miyendo yanga sidziwa kukhala malo amodzi. Ndagona m'matauni ambiri, ndipo chimene ndaphunzira n'chakuti munthu amene dzino likumuwawa amalankhula kwambiri kuti aiwale ululu. Iye ankalankhula atagwira tsaya, ine ndinkamvetsera nditagwira langa, mzere n'kumakwawa ngati nkhono. Ndikupatsirani monga anandipatsira, ndangochotsako malovu.

M'tauni ina munali wometa amene anthu ankangomutcha a Kasanza, chifukwa m'thumba la kumbuyo la buluku lawo simunkasowa kasanza kopukutira. Shopu yawo inali ya chipinda chimodzi: mpando wozungulira umene unasiya kale kuzungulira, kalilole wamkulu, benchi ya odikira, ndi chithunzi cha mitu yometedwa masitayelo osiyanasiyana, ngakhale kuti aliyense wolowa m'menemo ankatuluka ndi sitayelo imodzi basi.

A Kasanza anali ndi matenda awiri. Oyamba, sankapirira kuona chinthu chikulendewera. Kaulusi pa kolala ya kasitomala, kanthambi kotuluka pa mpanda wa maluwa, ndevu za mbuzi ya aneba, zonsezi zinkawayabwa m'manja. Achiwiri, sankafunsa. Anthu ndiwo ankabwera kudzawafunsa iwo za mpira, za mvula, za mankhwala a nyamakazi, za akazi olongolola. Iwo ankayankha lumo lili m'manja, ndipo panalibe wotsutsa, pakuti ndani angatsutsane ndi munthu amene wamugwira khutu? Funso lokhalo lotuluka pakamwa pawo linali lakuti, "Timete bwanji?" ndipo yankho lake sankalidikira.

Pakhomo pa shopuyo ankaimikapo galimoto yawo yakuda, yakalekale, koma yonyezimira moti amayi opita kumsika ankakonza mipango yawo poyang'ana pa chitseko chake. Akazi awo, omwe anali telala, ankauza anzawo kuti, "Mkazi wamkulu ndi uyo wagona panjayo. Ine ndine wachiwiri, wophika."

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza banja. Pa msonkhano wokonza za ukwati, mayi a mkwati, mayi wa chikwama chachikulu ndi mawu osabisa, anati akwati adzakwera galimoto yoyera, yatsopano, ya mlongo wawo. A Kasanza anaimirira mpando n'kugwa chagada.

"Mwana uyu ndinam'tenga kuchipatala ali kakhanda pa galimoto yangayo. Kusukulu ndinkam'perekeza pa yomweyo. Lero ku ukwati akwere ya eni ake, ine ndili moyo?"

"Asewere, sitikunyoza ayi," anatero mayi a mkwati. "Koma galimoto nazo zimakalamba ngati ife tomwe. Nanga ikadzatsokomola pakati pa msewu?"

"Mudzayamba ndinu kutsokomola iyo isanatero."

Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Pobwerera kunyumba mwana uja anawagwira dzanja bambo ake. "Ababa, ine ndikwera yanu, ndipo ndikwera mokondwa. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Musadzandichititse manyazi pamaso pa apongozi anga."

"Mwanawe, tsiku limenelo anthu adzaiwala kuyang'ana mkwati."

Kuyambira pamenepo galimoto inaona zakuda. Anaipukuta pamwamba, anaipukuta pansi, matayala anawatsuka ndi mswachi. Tsiku lina masana, makasitomala atachepa, anatsegula boneti kuti apukutenso m'kati, poopa kuti asewere angadzasuzumire. Zaka zonsezi akatsegula boneti maso awo ankalunjika pansi, pa injini. Tsiku limenelo anayang'ana m'mwamba. Kunsi kwa boneti kunali chinthu chakuda, chochindikala ngati chibulangete, chogwidwa ndi timabatani ta pulasitiki. Pa ngodya imodzi batani linali litathothoka, ndipo chibulangetecho chinkalendewera, chitanyenyeka m'mphepete ngati ndevu za nkhalamba yopanda achibale.

Manja a a Kasanza anayamba kuyabwa. Analowa m'shopu, natuluka ndi sizasi ndi chipeso.

Poyamba anangodula ngodya yolendewerayo. Atabwerera m'mbuyo n'kupendeketsa mutu monga amachitira ometa, anaona kuti mbali inayo tsopano yatalika. Anaidula. Ndiye pakati panaoneka ngati patupa. Anapasalaza. Kumanzere kunakhalanso kwakufupi. Aliyense amene anametedwapo ndi munthu wofuna kulinganiza mbali ziwiri akudziwa kumene ulendo wotere umathera. Dzuwa lisanapendeke a Kasanza anali akuzula timabatani tija ndi mchira wa chipeso, ndipo chibulangete chonse chinagwera m'mgolo wa zinyalala pamodzi ndi tsitsi la makasitomala. Kunsi kwa boneti kunatsala chitsulo chokhachokha, mpala weniweni. Anachipukuta mpaka anadzionapo nkhope.

Akazi awo anafika ndi chakudya chamasana n'kuwapeza akusirira ntchito yawo.

"Kodi amene anaika chinthucho pamenepo anali wamisala?"

"Anaika kuti injini isamve kuzizira kwawoko kumene anaipangira. Kuno kuli dzuwa. Ifundirenji bulangete?"

"Mwafunsa amakaniko?"

"Amakaniko akafuna za tsitsi lawo amafunsa ndani?"

"Amafunsa inu."

"Basi, mwamuona wofunsidwa."

Mayiwo anatula mbale, nabwerera ku makina awo osokera. Anali ndi diresi la mwana loti amalize, la nsalu zosanjikizana ngati kabichi, ndipo analibe nthawi yotsutsana ndi mwala.

Galimoto yokha ndiyo inayesa kuwachenjeza. M'mawa mwake, akupita ndi akazi awo kukagula mikanda ya pa diresi, injini inayamba kulongolola ngati chigayo.

"Yayamba liti kusokosera chonchi?" anakuwa mayi.

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti phokoso!"

"Ikupuma bwino! Kale inali yotsekedwa pakamwa!"

Panalinso mphaka wa pa golosale yoyandikana nawo, amene ankakonda kugona pa boneti galimoto ikangoima, kuti amve kufunda. Tsiku limenelo anadumphirapo monga mwa masiku onse, koma mapazi atangogunda anauluka ngati waponda khala, ndipo sanabwerenso. A Kasanza anakondwa kuti zidindo za mapazi zatha. Chimene sichinawakondweretse n'chakuti polishi ankauma asanamufalitse, ndipo pakati pa boneti utoto wakuda uja unayamba kuoneka mbuu, ngati wawazidwa phulusa. Akapukuta, mbuu. Akawonjezera polishi, mbuu. Apa anayamba kukayikira zimene anachita.

Mwayi wofunsa unabwera wokha n'kukhala pa mpando wawo. Kutatsala tsiku limodzi, makaniko wa kuseri kwa msika, bambo wonenepa wosachulutsa mawu, anabwera kudzametetsa ndevu chifukwa nayenso anaitanidwa ku ukwatiwo. A Kasanza anamupaka thovu, nanola lumo. Funso linakwera kuchoka m'mimba mpaka kukhosi. Koma pa benchi panali podzaza, maso onse ali pa iwo, anthu amene kwa zaka zambiri ankamwa nzeru pakamwa pawo. Funso lija linafika pa lilime n'kusanduka chiphunzitso.

"Anthu ambiri sadziwa," anatero mokweza, lumo likuyenda pa kholingo la makaniko, "kuti zibulangete za kunsi kwa boneti n'zopanda ntchito kuno kotentha. Zimangosunga fumbi. Amakaniko awa akudziwa."

"Mmm," anatero makaniko, maso ali kudenga.

"Mwamvatu."

Pa benchi anagwedeza mitu. Wina anati akafika kunyumba akauza mlamu wake achotse chake.

Tsiku la ukwati linacha bwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Atsikana okongoletsa anabwera ndi maluwa a pulasitiki ndi maliboni kuti apange mtima waukulu pa boneti. Ankafuna kumanga ndi ulusi ndi tepi, koma a Kasanza anakana. Ulusi umasiya michira yolendewera, tepi imatukuka m'mphepete. Atsikanawo anatulutsa guluu uja amasungunula ndi kamfuti ka magetsi, nati akazizira amagwira ngati mwala, ndipo pochotsa amangomutukula ndi chikhadabo. A Kasanza anavomera, nawauza kuti asaumire, athire wambiri. Mtima unamatidwa, wofiira ndi woyera, waukulu ngati lichero, ndipo anthu a mumsewu anaimirira kuusirira.

Ulendo wopita kutchalitchi unayenda bwino, kungoti mkwatibwi ndi mayi ake ankalankhulana ndi manja. Atafika, a Kasanza anagwira kiyi kuti azimitse, koma anakumbuka kuti batire masiku amenewo linkachita ulesi. Anaganiza za anthu onse atatuluka m'tchalitchi, kwaya ikuimba, iwo akupotokola kiyi, galimoto n'kutsokomola pamaso pa asewere. Anachotsa dzanja. Anaisiya ikulira pabwalo, padzuwa, iwo n'kulowa kukapereka mwana.

Abusa a tsiku limenelo anali a mpweya wautali. Ulaliki anauyambira kwa Adamu, ndipo pamene ankafika ku ukwati wa ku Kana dzuwa linali pa liwombo. Nthawi yonseyo panja injini inkawotcha boneti kunsi, dzuwa likuiwotcha pamwamba, pakati palibe wolanditsa.

Anthu atatuluka ndi nthungululu, mtima uja unali utadwala. Maluwa anali atatsetsereka, ena kumanzere, ena kutsikira ku magetsi akutsogolo, ndipo pakati panatsala dazi lonyezimira. Apa ndi pamene mnzanga wa dzino uja akulowera m'nkhani, pakuti wojambula wa pa ukwatiwo anali iyeyo. Anandiuza kuti kunyezimirako anayesa ndi polishi, poti mbiri ya a Kasanza ankaidziwa. Anangoganiza zobisa dazilo kuti chithunzi chikome.

"Akwatibwi akhale apa pa boneti, pakatikati!" anakuwa kuti apose injini. "Akwati, anyamuleni! Makolo mbali iyi ndi iyi! Bambo a mkwatibwi, gwirani chitseko ngati mwini wake!"

A Kasanza anagwira chitseko, chifuwa chili patsogolo. Mkwati ananyamula mkazi wake n'kumukhazika pa dazi paja. Diresi linali la nsalu zambiri, choncho moto unatenga kanthawi kuti upeze njira.

"Sekererani!"

Mkwatibwi anasekerera.

"Kachiwiri! Apongozi, chikwamacho chitsitseni!"

Mkwatibwi ananena kanthu, koma m'phokoso la injini ndi kwaya palibe anamva. Anasuntha pang'ono.

"Osagwedezeka, achemwali! Kamodzi kokha!"

Kumwetulira kuja kunayamba kukula, mano onse panja, maso akutuluka. Kenaka kunamveka mfuu imene inaposa injini, kwaya ndi belu la tchalitchi. Mkwatibwi anadumpha, koma diresi linakana kutsagana naye. Kunamveka kuti kwee! Nsalu yapamwamba ya kumbuyo inatsala pa boneti itamatirira, ndipo iye anatera pansi maluwa a pulasitiki atamera pamalo pamene sipamera maluwa, ulusi wa guluu ukutambasuka pakati pa iye ndi galimoto ngati wa kangaude. Mkwati, pofuna kupulumutsa nsalu ya mkazi wake, anatsamira boneti ndi chikhatho, nayamba kuvina gule amene sanali pa pulogalamu. Amayi anathamanga n'kuzinga mkwatibwi ndi nsalu zawo. Ana a kwaya ankaluma mabuku a nyimbo kuti asaseke.

Mayi a mkwati anayandikira mwachifatse. Ananyowetsa chala ndi malovu, nagunda boneti. Inati tsii.

"Asewere," anatero, "mukanatiuza kuti mwabwera ndi chitofu, tikanatenga mazira."

Anakweza dzanja, ndipo kuseri kwa tchalitchi kunatuluka galimoto yoyera ija, yokongoletsedwa kale. Mayiwo anali ataibisa kumeneko kuyambira m'mawa, poti munthu wamkulu sayenda ndi ndodo imodzi.

Mkwatibwi anatuluka m'mpanda wa nsalu uja atamangirira nsalu ya azakhali ake m'chiuno. Sanapse kwenikweni, nsalu zimene mayi ake anasanjikiza pa diresi zinamuteteza, koma misozi inali itachotsa zopakapaka za kumaso. Anaima pamaso pa bambo ake.

"Ababa, ndinapempha chinthu chimodzi."

Anatembenuka. Analowa m'galimoto yoyera, mayi ake pambuyo pake, singano ndi ulusi zili kale pakamwa. Mayiwo podutsa anawayang'ana amuna awo kamodzi kokha, kuyang'ana kwa mtundu uja kumene mwamuna amakukumbuka mpaka kumanda.

Mdipiti wa magalimoto unanyamuka kupita ku holo, mahutala akulira. Pabwalo panatsala a Kasanza, galimoto yawo, ndi makaniko uja, amene anasowa malo m'magalimoto ena chifukwa cha thupi. Makaniko anasolola kasanza m'thumba la mwini wake, nakulunga dzanja, n'kutsegula boneti. Mpweya wotentha unawamenya kumaso. Anayang'ana m'mwamba.

"Chibulangete chili kuti?"

"Ndinameta."

"Munatani?"

"Chinkalendewera."

Makaniko anatseka boneti pang'onopang'ono, nakalowa kutsogolo. Ananyamuka, iwo omaliza pa mzere, chidutswa cha diresi chikupepeluka pa boneti ngati mbendera ya ogonja. Anayenda kamtunda. Kenaka a Kasanza anakonza kukhosi, ndipo chinthu chimene chinali chisanachitike chiyambire chinachitika.

"Kodi... chimagwira ntchito yanji?"

"Kwezani mawu, sindikumva!"

"Ndikuti chimagwira ntchito yanji!"

"Choyamba ndi ichi tikukuwirana ngati ogontha!" anakuwa makaniko. "Chimameza phokoso! Chachiwiri, sichifunditsa injini ayi, chimatchinga boneti kuti moto wa injini usaphike utoto! Mbuu uja munamuona?"

"Ndinamuona!"

"Ndi utoto ukupsa umenewo! Chachitatu, injini ikadzagwira moto, timabatani tija timasungunuka, chibulangete n'kugwera pamotopo, kuuphimba kuti mupeze mpata wotuluka ndi ana anu!"

A Kasanza anafunsanso: "Ndiye sichichotsedwa?"

"Chimachotsedwa! Chikamwa oyilo, chikayamba kugona pa injini, kapena makoswe akamangamo mudzi, mumachotsa! Koma mumaikapo china! Chanucho chinali chitanyowa?"

"Ayi!"

"Chinang'ambika pakati?"

"Ayi! Batani limodzi linathothoka pa ngodya!"

Makaniko anapisa m'thumba la jekete lake la ukwati, momwe munali mabawuti, mawaya ndi maswiti, natulutsa kabatani kakuda ka pulasitiki. Anakaika pa dashibodi. Kanayamba kuvina ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo onse awiri anakayang'ana.

"Bwanji simunandiuze dzulo?" anakuwa a Kasanza.

"Munandifunsa?"

"Munati mmm!"

"Akulu, lumo lili pa kholingo langa! Mukanati mwezi ndi dzungu, ndikanati mmm!"

Ku holo anapeza zinthu zitayamba kale. Mayi a mkwatibwi, telala wa manja ofulumira, anali atadula velo panjira n'kusoka liboni lalikulu kumbuyo kwa diresi, moti atsikana ena ankafunsana kuti sitayelo imeneyo yachokera kuti. Mkwati ankapereka moni ndi dzanja lamanzere. Itakwana nthawi yoti bambo a mkwatibwi alankhule, anthu anakhazikika bwino pa mipando poyembekezera chiphunzitso chautali monga ankawadziwira. A Kasanza anaimirira, nayang'ana mwana wawo, nati, "Mwanawe, pepa. Ndinalakwa ndine." Anakhala pansi. Mwanayo anabwera kudzawakumbatira, pakuti magazi ndi magazi. Koma ulendo umene bambo anaulota kuyambira mwana ali kakhanda, wochoka naye kutchalitchi pa galimoto yawoyawo, unali utapita pa galimoto ya eni ake, ndipo ukwati sabwereza chifukwa choti bambo aphunzira. Chonsecho dzulo lake munthu wodziwa, makaniko uja, anali pa mpando wawo wometera, m'manja mwawo, atamugwira chibwano. Akulu akale sananame pamene anati safunsa anadya phula.

Wojambula uja atamaliza, ndinamupempha kuti andionetse chithunzicho. Anati pa nthawi ya mfuuyo chala chake chinaterereka, anajambula denga la tchalitchi. Ndisanamufunse zambiri anamuitana kukazula dzino, ndipo potuluka anali ndi thonje m'kamwa. Za ntchito ya chibulangete ndinakafunsa makaniko wina m'tauni yotsatira, ndipo anavomereza zonse zitatu. Koma ine ndakhalira maboneti ambiri m'misewu podikira magalimoto owonongeka, ena otentha ndithu, ndipo sindinasiyepo buluku langa pa iliyonse. Za diresizo ndikukayika, ndipo ndikuganiza kuti theka lake linali dzino.